Anagulitsa Ngongole Yanga ku Blantyre

Chinali chaka cha 1978, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Ndinali ndi mabwato atatu, khoka la chambo ndi alovi, antchito okoka khoka, odziwa ntchito yawo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 ku mishoni, koma dzina langa ndinkalemba ndekha, sindinkadinda chala. Kuchokera ku Nkopola kutsika mpaka kwa Mponda panalibe munthu amene akanati ndinamudyerapo kanthu.

Malo amene tinkakhala anali a amayi. Kwathu kuno malo ndi a akazi. Amayi atamwalira, malowo anakhala m'manja mwa achemwali anga aakulu, ine n'kukhala mwini mbumba, woweruza milandu ya ana awo ndi kuwaimirira pamaukwati ndi pamaliro. Doko linali lathulathu, mchenga wokhawokha wopanda mwala, pamene khoka linkatuluka osang'ambika. Kumtunda kwake kunali mathandala oyanikapo nsomba, nyumba zinayi, mitengo ya mango imene amayi anabzala, ndi kadimba ka mpunga.

Chambo chinayamba kuthawira kwakuya. Anzanga amene anagula maboti a matabwa ndi injini ankachitsatira komweko n'kubwera atadzaza, ine ndikungopalasa m'mbali ngati mwana. Sindinafune kusanduka mlovi wa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kusoka ukonde. Ndinavala jekete, kadi ya chipani m'thumba, n'kupalasa njinga kupita ku banki ku boma.

Manijala wa bankiyo anali munthu wa kumtunda, wonenepa, woseka msanga. Anandimvetsera bwino. Kenako anati:

"Bambo, banki sibwereketsa ndalama poyang'ana bwato. Bwato limamira. Muli ndi malo?"

"Malo alipo, koma si anga. Ndi a mbumba."

"Mukawalembetse lizi ku boma, pepala lake mubwere nalo kuno. Likhala chikole. Mukamaliza kubweza, mudzatenga pepala lanu."

Mawu akuti chikole ndi amene anandikhazika mtima pansi. Chikole ndinkachidziwa, kunyanja kuno tinakula nacho. Munthu akapanikizika ankasiya bwato, njinga kapena mfuti kwa mnzake, n'kutenga chimene wasowa. Chinthucho sichinkagulitsidwa, ngakhale papite zaka. Amalume anasiya mfuti yawo ya gogodela kwa shehe wina wa kwa Mponda nthawi ya njala. Anamwalira asanaiwombole. Ndinakaiwombola ndine nditakula, kwa mwana wa shehe uja, ndipo anandiphikira tiyi. Lamulo linali limodzi: wangongole asabisale. Ukalephera kubweza, uzionekera. Upite kwa mwini ndalama, ukhale pansi, usiye kansomba, unene kuti ndidakalipo, sindinathawe. Munthu woonekera salandidwa kanthu. Wogulitsa chikole cha munthu woonekera ankasalidwa, manda ake ankakumba abale ake okha.

Achemwali ndinawapeza akutembenuza utaka pathandala. Ndinawafotokozera zonse.

"Achimwene, malo nawonso amapinyolitsa?" anafunsa osaleka ntchito.

"Malowo sawanyamula. Pepala lokha ndi limene likagone ku banki."

"Papepalapo alembapo dzina la yani?"

"Langa. Akuti lizi salemba mbumba, amalemba munthu mmodzi."

"Alamu anu akamva aseka. Mwamuna kulembetsa malo a akazi. Mawa mudzalembetsa ndi mtondo womwe."

"Injini ikabwera mudzidya chambo mpaka mudzachikane."

Anasasa manja.

"Bola ngati ndi chikole. Chikole chimabwerera."

Sindinawanamize. Ndinawauza zimene ndinauzidwa, ndiponso zimene tonse tinkazidziwa chiyambire.

Anabwera asaveya ndi zingwe zawo, anakwirira mabikoni a simenti m'ngodya zonse. Pepala litatuluka ndinakalisiya ku banki. Anandipatsa mapepala ena a Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono ngati mazira a usipa. Ndinafunsa manijala kuti akunena chiyani. Anati akunena zomwe takambirana. Ndinasayina.

Boti ndinakhometsa kwa mmisiri wa m'mbali mwa Shire. Injini inabwera ili m'bokosi, ikununkha sitolo. Chaka choyamba chinayenda bwino. Mwezi ukatha ndinkapalasa njinga ndekha kukapereka. Sindinatumepo munthu, sindinachedwepo. Manijala ankanditchula kwa ena amene ankabwera kudzapempha ngongole, kuti taonani bambo awa.

Kenako zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Petulo anasowa m'dziko muno, injini inangokhala m'nyumba titaifunditsa chiguduli. Ndipo nyanja inadzaza kuposa mmene aliyense wamoyo anaionera. Madzi anameza mchenga wonse wa padoko, anagwetsa mathandala, mpunga unamira. Khoka linasowa potulukira. Alovi anayamba kuwedza ndi mbedza kuti ana adye. Palibe amene anachita ulesi. Nyanja ikakana, yakana.

Sindinabisale. Mwezi utatha ndinamanga chambo chonona pachingwe, ndinatenga tindalama timene ndinapeza, ulendo ku banki. Ndinalowa mu ofesi, chipewa m'manja.

"Ndabwera kudzaonekera, bwana."

Anaseka, anakweza chambo chija kuchiyang'ana uku ndi uku.

"Ichi ndiye chambo, osati zouma za kwathu zija. Koma tindalama iti, bambo, tingosokoneza mabuku. Kasungeni. Nyanja ikaphwa mudzabweretse zonse pamodzi."

"Ndiye palibe mlandu?"

"Mlandu wanji? Inu ndi ine tikudziwana."

Ndinachita chimodzimodzi mwezi ndi mwezi. Nthawi ina chambo, nthawi ina kampango wowamba, chifukwa anati akazi awo amamukonda. Mwera ukawomba tisanaphe kanthu, ndinkagula kwa anzanga kuti ndisapite chimanjamanja. Alonda a pabankipo anandizolowera, ankangoti a chambo aja abwera. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Achemwali akafunsa ndinkati ndaonekera, iwo n'kuti chabwino.

Nyanja itayamba kuphwa, mesenjala wa ku khoti anabwera ndi chisamani. Aphunzitsi a pasukulu yathu anandiwerengera. Kampani ina ya ku Blantyre, imene dzina lake ndinali ndisanalimvepo, inkanena kuti ndili nayo ngongole, ndaleka kubweza, ndipo ikupempha khoti kuti igulitse malo. Ndinati alakwitsa munthu. Aphunzitsi anandionetsa dzina langa ndi nambala ya lizi.

M'mawa mwake ndinali ku banki, ulendo uno wopanda nsomba.

"Bambo, ngongole yanu siilinso kuno," anatero manijala. "Banki inaigulitsa."

"Kugulitsa ngongole? Ngongole ndi mbuzi?"

"Akuluakulu a ku Blantyre anatenga ngongole zovuta, yanu, za a zigayo, za ena a maesiteti a fodya, n'kuzimanga mtolo umodzi. Kampani ina inagula mtolowo, pamodzi ndi zikole zake."

"Liti?"

"Papita nthawi. Madzi asanafike pachimake."

"Ndiye chambo chonse chija munkadyera ngongole iti?"

Anayang'ana kukhomo, kenako anayang'ana chithunzi chimene chinali pakhoma pamwamba pa mutu wake. Masiku amenewo ofesi iliyonse inali nacho.

"Musakweze mawu muno, bambo. Mukudziwa kumene mawu amafika."

Ndinavala chipewa momwemo, ndisanatuluke. Chinali chipongwe chokhacho chimene ndikanatha kumuchita.

Ndinayamba kupita ku khoti la makolo, chifukwa kumeneko oweruza anali anthu athu, odziwa chikole. Wapampando anandimvera mpaka pamapeto, akugwedeza mutu. Anati pa mwambo wathu ndilibe mlandu, ndipo wogulitsa chikole ndiye woyenera kulipa. Kenako anafunsa ngati malowo ali ndi mabikoni. Nditavomera, anatseka buku.

"Malo a lizi si a khoti lino, bambo. Tsiku limene anakwirira simenti ija anachoka m'manja mwathu. Pitani ku Blantyre."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinagulitsa mabwato awiri ndi mbuzi. Achemwali anagulitsa makina awo osokera osandifunsa, ndinangoona ndalama pamkeka. Asodzi anzanga anasonkha, Asilamu ndi Akhristu omwe. Zinakwana ndalama za miyezi yonse imene ndinaphonya kubweza. Ndinazimanga m'chiuno n'kukwera basi.

Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba, m'nyumba yosanja. Ananditumiza kwa loya wawo, mnyamata wa msinkhu wa mwana wa achemwali. Sanandipatse mpando. Ndinadzitengera ndekha n'kukhala.

"Ndabwera kudzawombola chikole changa. Ndalama nazi."

Anawerenga, n'kuzikankhira kwa ine.

"Izi sizikwana, madala. Popeza munaphonya, ngongole yonse ikufunika lero, osati za miyezi imene munaphonya zokha. Kuwonjezera chiwongoladzanja, ndi malipiro a maloya."

"Loyayo ndinamulemba ndine?"

"Munasayina kuti mudzalipira."

"Ndionetseni mwini ngongole ndilankhule naye."

"Mwini wake ndi kampani."

"Atuluke, ndimupatse moni."

Anaseka, koma osati mwachipongwe. Ankandiona ngati munthu wosokera.

"Kampani si munthu woti mukhale naye pansi, madala. Eni ake ndi ambiri, ena sali m'dziko muno. Sakukudziwani, ndipo safunika kukudziwani."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa ndalama zimene anakana. Ndinakongola kwa munthu wa nkhope, amene ndinkadziwa kumene amagona. Ndinadzuka ndili ndi ngongole kwa anthu amene sindingawapepese, sindingawatukwane, sindingapite kumaliro awo.

Mlandu unalowa m'khoti lalikulu. Boma linandipatsa loya wothandiza osauka, munthu wabwino koma wotopa, wonyamula mafayilo mpaka pachibwano. Tinalankhulana pakhonde. Ndinamufotokozera za kuonekera, za chambo, za mawu a manijala akuti ndisunge ndalama. Anagwira mutu.

"Alipo amene anamva akunena zimenezo?"

"Tinali awiri."

"Analemba penapake?"

"Munthu wamkulu akalankhula salemba."

"Bambo, za nsombazo musazitchule kwambiri. Kupatsa wa ku banki zinthu uli ndi ngongole, m'khoti muno amati ziphuphu. Mungalowe ndi mlandu umodzi n'kutuluka ndi iwiri."

Chimene makolo anandiphunzitsa kuti ndi ulemu, ku Blantyre chinali umbava. Ndinamuuza kuti ndizitchula, chifukwa sindinabe.

Zonse zinkayenda m'Chingerezi. Jaji anavala tsitsi loyera lija. Womasulira ankatipatsa mawu awiri pamene maloya alankhula makumi. Loya wanga anati sindinauzidwe kuti ngongole yasamuka. Wa kampani anakweza pepala limene ndinasayina, nati momwemo ndinalola banki kupereka ngongoleyo ndi chikole chake kwa aliyense imene yafuna. Anandifunsa ngati siginecha ndi yanga. Ndinati ndi yanga, sindikana dzanja langa. Anati munthu wodziwa kulemba dzina lake amadziwa chimene akusayina. Kukanakhala kuti ndinadinda chala, mwina akanandimvera chisoni.

Manijala anabwera kudzaperekera umboni, atavala suti yatsopano. Sanandiyang'ane. Atafunsidwa za nsomba anati:

"Zinali mphatso chabe. Anthu a kunyanja ndi opatsa."

Anthu anaseka, ndi jaji yemwe anamwetulira. Atafunsidwa ngati anandiuza kuti ndisunge ndalama, anati sakukumbukira.

Achemwali anapempha kulankhula. Anali asanafikepo ku Blantyre, anasanza njira yonse m'basi. Anaima atamanga chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Bwana, malowo si a achimwene angawa. Iwo ndi mlonda chabe. Ndi a amayi anga, ndipo amayi anawalandira kwa amayi awo. Mchombo wanga unakwiriridwa pamenepo, ndi ya ana anga onse. Ngati achimwene alakwa, tengani injini, tengani boti, atengeni iwowo mukawagwiritse ntchito. Malo a akazi alakwa chiyani?"

Womasulira ananena kachiganizo kamodzi. Jaji anafunsa ngati dzina lawo lili pa lizi. Linalibe. Anati malo akalembedwa lizi amaleka kukhala a mwambo, ndipo khoti limadziwa dzina limene lili papepala. Achemwali anauzidwa kuti akhale pansi. Anakhala, n'kuyang'ana manja awo mpaka khoti linatha.

Chigamulo chinati malo agulitsidwe. Boti ndi injini zigwidwe kulipira maloya. Ndalama zimene ndinabwera nazo zinalowa momwemo.

Loya wanga anati tingathe kuchita apilo, chifukwa nkhani ya kusandidziwitsa sinamveke bwino. Ndinati tichite. Ndinali wokonzeka kugulitsa ndi malaya omwe. Koma sabata yomweyo okushoni inachitika ku Blantyre, ife osadziwa tsiku. Tinamva kuti wagula ndi munthu wamkulu wa m'boma, wofuna kumanga nyumba yopumulirako m'mbali mwa nyanja. Malo a mchenga wotero anali atayamba kusowa ku Nkopola konse.

Tcheyamani wa nthambi ya chipani anabwera kunyumba masana. Tinakulira limodzi, tinavinidwa chaka chimodzi. Anakana mpando.

"Achimwene, ndamva za apilo."

"Mwamva zoona."

"Mukudziwa amene wagula?"

"Ndikulimbana ndi kampani, osati iye."

"Kumwambako sasiyanitsa. Akuti kuno kuli msodzi amene akunyoza chitukuko. Andifunsa dzina. Ndati ndifufuza."

"Ndiye mwafufuza?"

"Ndabwera ngati mnzanu. Ulendo wina sindidzabwera ndekha. Muli ndi mbumba, achimwene. Amene amatengedwa sabwerako msanga, ndipo ana awo amachotsedwa sukulu."

Ndikanakhala ndekha ndikanapitirira. Ndinalembera loya kuti asiye. Sindinauze achemwali chifukwa chake, popeza masiku amenewo chimene mkazi wadziwa chikanatha kumupweteka. Iwo anaganiza kuti ndangotopa.

Masherifu a ku khoti anabwera m'mawa ndi apolisi awiri ndi lole. Sanamenye munthu. Anatipatsa nthawi yoti tizule zitseko ndi malata. Alovi anga anagwira ntchito imeneyo. Injini anainyamula anthu osadziwa kuigwira, anaigoneka cham'mbali mafuta akutayika. Ndinawauza kuti aiimike. Mmodzi anati si yanunso, madala. Ndinati ngakhale si yanga, injini saigoneka choncho. Anaiimika.

Mfumu inatipatsa malo kutsidya kwa msewu, pamiyala, pamene ngakhale chinangwa chimakana. Pasanathe mwezi padoko panali mpanda wa waya wolowa mpaka m'madzi. Anadula mango kuti nyanja izioneka bwino ali pakhonde. Akazi a mbumba yathu anayamba kuzungulira mtunda wautali kukatunga madzi ndi kuchapa, pamene kale ankangotsika ndi ndowa. Mwini nyumbayo ankabwera kawiri kapena katatu pachaka. Masiku ena onse inkangokhala yotseka, mlonda akuthamangitsa ana.

Kapitawo wa pamalopo ananditumizira munthu kuti akufuna mlonda wodziwa nyanja, malipiro abwino, ndi yunifolomu. Ndinamubweza. Ndinakhala mlovi pa boti la munthu wina kwa zaka zambiri, ndikukoka chingwe pamodzi ndi anyamata amene abambo awo ankandigwirira ntchito. Zinali bwino kuposa kulondera mchenga wa amayi.

Manijala anakwezedwa pantchito, anasamukira ku Lilongwe. Ndinamva kuti anamwalira ali wolemekezeka, mkulu wa mpingo. Kampani ija inasintha dzina, kenako inagulidwa ndi ina. Zipani zambiri zitabwera, mwana wa achemwali amene anaphunzira anapita kukafunsa ngati mlandu ungatsegulidwenso. Anamuuza kuti nthawi inatha kalekale, ndipo malowo anagulitsidwanso kawiri, kwa anthu amene anagula mwachilungamo. Aliyense m'nkhani imeneyi anachita mwachilungamo. Lamulo linatero.

Achinyamata a masiku ano amati ndinapusa, ndikanafunsa loya ndisanasayine. Loya ku Mangochi chaka chimenecho akanachokera kuti? Ndinachita zimene munthu wolongosoka amachita. Ndinakongola poyera, ndinabweza pamene ndinali nazo, ndinaonekera pamene ndinalibe. Wondibwereka anandigulitsa ngati thumba la utaka, n'kumadya nsomba zanga akudziwa. Amene akufuna kuti ndipepese apite akafunse kumanda a manijala.

Achemwali sananditukwane ngakhale tsiku limodzi. Kukanakhala bwino akanatero. Ankanditumizira chakudya monga kale, ndikadwala ankabwera. Koma mwana wawo wamkazi atapeza banja, anatuma msuweni wathu wa ku Malindi kuti akhale nkhoswe. Ndinamva kwa anthu. Paukwatipo ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi alendo, ndinadya, ndinapita kunyumba.

Zimene zinapita ndi izi. Doko limodzi. Nyumba zinayi. Mitengo ya mango isanu ndi iwiri. Dimba la mpunga. Boti, injini, mabwato awiri, ndi khoka limene linawolera m'nyumba posowa pokokera. Mbuzi zisanu ndi imodzi. Makina osokera. Alovi khumi ndi awiri, amene anabalalika ndi mabanja awo, ena ku Malombe, ena ku Makanjira. Ndi mlongo mmodzi, amene anakhala nane khomo ndi khomo mpaka imfa yake, osandifunsanso nzeru pa kanthu kalikonse.